Mkamwini Wanga pa Bedi la Pawindo

Tadala, ndikulembera iwe ndi mlongo wako Yamikani, kuti mukadzakula mudzawerenge nokha. Nkhani ya bambo anu ndi ine yayamba kumera nthambi pakamwa pa anthu. Amayi a kutchalitchi amaikamba mwina, mayi anu amaithira mchere wawo, ndipo bambo anu, amene akanaikamba bwino, akangomva kuti yayambika amatuluka kukatsuka galimoto yotsuka kale. Tsono popeza ndapuma pantchito, ndipo maondo akundikaniza kuyendayenda, ndati ndikhale pansi ndiilembe ndekha. Za ubwana wanga ku Dedza sindikutayitsani nazo nthawi. Ndiyambira pamene ndinavala yunifolomu yoyera.

1985, ntchito yoyamba

Unamwino ndinauyambira pa chipatala cha mishoni m'chigawo chapakati, ndili mtsikana woonda ngati bango, kachipewa koyera kali pamutu, ndikuyenda ngati dziko lonse likundiyang'ana. Zipangizo zinali zosowa. Magolovesi tinkawachapa, kuwawiritsa, n'kuwayanika pachingwe kuseri kwa wodi. Singano za jakisoni nazo zinkabwerera mumphika. Koma chinthu chimodzi sichinkasowa, anthu. Wodwala aliyense ankabwera ndi gadiyani wake, m'bale womudikira, amene ankamusambitsa, kumudyetsa, kumuchapira, n'kugona pamphasa pansi pa bedi. Kuseri kwa chipatala kunali chisakasa chawo chophikira, utsi osatha, ndipo m'mawa polowa m'wodi tinkayenda modumpha miyendo ya anthu. A metironi athu, mayi wamtali wosaseka, ankati namwino wanzeru amayamba wapereka moni kwa gadiyani, chifukwa gadiyani ndiye amadziwa ngati wodwala wadyadi kapena wangonamizira.

Kumeneko ndinaphunziranso kuti mwambo sutsala pageti pa chipatala, umalowa nawo m'wodi. Mayi wachikulire akamapimidwa, mkamwini wake ankatuluka n'kukaima kutali pansi pa mtengo. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amachitirana manyazi. Sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sakhudzana, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira m'tchire. Bambo anga anakhala mudzi umodzi ndi apongozi awo mpaka imvi, koma sindinawaonepo akumwa ngakhale madzi pamaso pawo. Panalibe chidani, unali ulemu. Manyaziwo amachotsedwa ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, atakhala pansi, pali nkhuku. Munthu sangodzuka n'kuwachotsa yekha. Ine nthawi imeneyo ndinkaziseka, ndinkati zakale izi zidzatha ndi eni ake.

Patapita zaka ndinasamukira ku chipatala cha boma, ndipo kumeneko ndinakumana ndi mliri wanga woyamba, wa Edzi, mankhwala ake asanabwere. Odwala ankagona awiri bedi limodzi, ena pansi. Tinataya aphunzitsi, apolisi, anamwino anzathu. Zinali zowawa, koma palibe amene ndinamuona akupita yekha. Panali mayi womugwira dzanja, mchemwali womunyowetsa milomo ndi kansalu, ndipo akatsirizika, magadiyani a mabedi ena onse ankadzuka n'kuperekeza mtembo ndi nyimbo mpaka ku mochale, ngakhale munthuyo sakumudziwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinkaganiza kuti ndaona zonse zimene mliri ungachite kwa munthu.

2003, Claremont

Agogo anu aamuna atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi, Chisomo, mayi anu. Msuweni wanga amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Claremont anandiitana. Tinafika ku Cape Town m'nyengo yozizira, mvula ikugwa mu Juni, zimene kwathu tikanati ndi malodza. Mapepala ondilola kugwira unamwino kuno anachedwa kutuluka, moti ndinayamba ndagwira pa nyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa. Ntchito ya gadiyani yeniyeni, ine namwino wa satifiketi. Ndinkanyinyirika, koma walira mvula walira matope. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti agogo aja anali ndi zonse, makapeti, wailesi yakanema, mabulangete ofunda, koma abale ankangobwera Lamlungu masana ndi maluwa, n'kumaba maso kuyang'ana wotchi. Madzulo ndikaima pamzere wa minibasi pa renki ya Claremont, mphepo ikundilowa m'mafupa, ndinkasowa utsi wa chisakasa chija.

Mapepala atatuluka ndinalembedwa pa chipatala cha boma, wodi ya odwala akuluakulu, ndipo ndi mmene ndinakalambira. Bwana wanga anali Sista Petersen, mayi wamfupi wa konkuno, mawu ngati belu la kusukulu, m'thumba mwawo masiwiti oziziritsa kukhosi osatha. Ankayendera mabedi ndi chala, ndipo akapeza khwinya pa nsalu ya pabedi ankakuyalitsanso, dokotala azidikira. Tinayambana sabata yoyamba yomwe. Anandiona ndikupereka failo kwa dokotala ndi manja awiri, maondo nditapinda pang'ono monga tinaleredwera, ndipo anandikokera pambali n'kundiuza kuti muno si m'tchalitchi, dokotala ndi wantchito mnzanga, ndisiye kumugwadira. Ndinayesa ndithu. Koma manja ndi maondo ali ndi mutu wawo. Zaka zonse zija ndinkapereka kapu, mankhwala, ngakhale cholembera, ndi manja awiri, mpaka Sista Petersen anatopa n'kuyamba kunditsanzira pa nthawi ya tiyi, anzathu akufa nalo phwete.

Ukali wawo unali wa pakamwa. Chaka china kutabuka zipolowe zothamangitsa obwera, ife akunja tikuopa kukwera minibasi, iwo ankandinyamula pa galimoto yawo m'mawa ndi madzulo. Njira yonse ankandikalipira za mabedi, kuti ndisapeze mpata wowathokoza. Mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo anali Nomvula, namwino wachiXhosa woimba bwino, amene anandiphunzitsa moni wa kwawo n'kumandiseka lilime langa likakanika mawu awo aja ophulika m'kamwa.

Amalawi anzathu ankabwera ambiri, osamalira maluwa ndi a padoko ochokera ku mudzi wa zisakasa wa Imizamo Yethu, alonda a ku Milnerton, ambiri a kumpoto kwa dziko lathu, ndipo dokotala akasowa pogwira ankaitana ine kuti ndimasulire. Lamlungu nthawi yozonda odwala, munthu mmodzi ankazondedwa ndi tchalitchi chonse. Ankadzaza khonde, mabakuli a chakudya m'manja, n'kuyambitsa nyimbo motsitsa mawu. Sista Petersen ankabwera akuthamanga: "Banda, dziko lako lonse lafika. Awiriawiri pabedi, wamva?" Ndinkapita kukawauza, iwo n'kuvomera mwaulemu kwambiri, n'kulowa onse. Masiku amenewo ndimawasowa.

2015, mkamwini

Chisomo anakulira kuno, Chichewa chake n'chosakaniza, ndipo ndinkaopa kuti adzandibweretsera mnyamata wa ndolo kukhutu wonditchula dzina. Anabweretsa bambo anuwa, a Limbani Phiri a ku Mchinji, amene ankagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu ku Montague Gardens. Tsiku loyamba kufika pa fulati yanga ku Milnerton anakana kulowa. Anakhala pa masitepe panja, chipewa m'manja, anansi akuwadumpha. Ukwati utachitika zinthu sizinasinthe. Akabwera kudzacheza ankakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, maso pansi, ndipo chakudya ankakadyera pakhonde. M'chipinda chimodzi chomwecho, ine ndili apa iwo ali apo, ankauza Chisomo kuti, "Uwauze amayi kuti mpope wa kubafa ndakonza," ine n'kuyankha kuti, "Uwathokoze." Atagula kagalimoto kawo ankandipititsa kutchalitchi, ine pampando wakumbuyo, iwo atapotoza kagalasi kuti maso athu asakumane. Utabadwa iwe Tadala ndinayamba kuwatchula kuti bambo a Tadala. Dzina lawo lenileni ndinali ndisanawaitane nalo.

Mayi anu zinkawakwiyitsa. Ankati, "Mami, izi n'zakumudzi, kuno n'ku Cape Town." Pakamwa ndinkavomereza, koma mumtima ndinkanyada. Ine yemwe ndinkaseka bambo anga ndinapezeka ndikudzitama kwa amayi a kutchalitchi, amene akamwini awo ankatsegula firiji osapempha. Kutali kuno, ulemu uja unali ngati kachidutswa ka Dedza kamene kananditsatira. Achimwene anga kumudzi, amalume a Chisomo, anati tikadzabwera tonse kwathu adzaitana a ku Mchinji n'kuchotsa manyaziwo mwadongosolo. Chaka chilichonse tinkati chaka chamawa, ndipo ine sindinkafulumira.

2020, mliri

Kolona atafika, choyamba kuchoka m'chipatala chinali phokoso. Zitseko zinatsekedwa kwa ozonda odwala. Khonde la nyimbo lija linangoti zii, ndipo wodi yathu anaisandutsa ya odwala kolona okhaokha. Tinkavala masiki, chotchinga nkhope chapulasitiki, chipewa, chovala chofika kumapazi ndi magolovesi, moti tokhatokha sitinkadziwana. Tinkachita kulemba mayina pachifuwa ndi cholembera chakuda. Madzulo tikavula, pamphuno pali chilonda, zovala zam'kati zitanyowa ngati tagwera m'dziwe. Masiki akachepa tinkasunga imodzi m'kathumba kapepala kuti tidzavalenso mawa, ndipo ndinakumbuka magolovesi a pachingwe aja. Anamwino anayamba kudwala mmodzimmodzi. Otsalafe tinali anamwino, magadiyani, abusa, zonse pamodzi. Ndinagwirizira anthu mafoni kukhutu kuti atsanzikane ndi ana awo.

Amalawi anzathu ndiwo ankandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa kwathu munthu akadwala popanda womudikira amadziona wotayidwa, ndipo ambiri ankangotembenukira kukhoma. Ndikukumbuka bambo wina wachikulire wa ku Karonga, wosamalira maluwa, amene anamva kalankhulidwe kanga n'kundigwira dzanja. Anati ndisachoke msanga, akufuna angomva munthu akukamba zakwathu, zilizonse. Ndinawafotokozera za mbatata ya kachewere ya ku Dedza ndi nkhungu ya m'mapiri, belu la bedi lina likulira kumbuyo kwanga, mpaka ndinachoka nkhani isanathe. Mawa lake bedilo linali ndi munthu wina. Mitembo inkatuluka m'matumba apulasitiki popanda woperekeza, ndipo Nomvula anayamba chizolowezi choimba motsitsa m'masiki mwake ikamadutsa. Poona msinkhu wanga ndi kuthamanga kwa magazi kwanga, akuluakulu anafuna kundisamutsira ku ofesi. Ndinakana. Chimene ndinasiya ndi kulowa m'nyumba mwanu. Iwe Tadala ndinkakubayibitsa ndili kugeti, iwe ukulira pawindo.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho, mayi anu ali ndi pakati pa Yamikani, anandiimbira akulira kuti ambulansi yatenga bambo anu, akubanika. Sanadziwe kumene awapititsa, chifukwa masiku amenewo wodwala ankapita kulikonse kumene kwapezeka bedi. M'mawa mwake ndikulowa m'wodi, ndinawapeza pa bedi la pawindo, mbali ya amuna, imene inali yanga, masiki ya okosijeni ili kumaso. 

Ndinapita kwa Sista Petersen n'kuwauza zonse, kuti lamulo la ntchito silifuna namwino asamalire wachibale, ndipo mwambo wakwathu sufuna n'komwe kuti ndiwakhudze. Anandimvetsera mpaka kumapeto, zimene sankachita kawirikawiri. Kenako anandilozera wodi ndi chibwano. Mabedi onse anali odzaza, ena ali pakhonde, anamwino owerengeka. Anati ndikachoka alibe woika pamalo panga, ndipo bedi lina losamutsirako wodwalayo mulibe m'chipatala monse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Koma Banda, m'zimene wavalazi angakudziwe ndani? Mayi ako okubala angakudutse." Ndinaona kuti nzeru ndi imeneyo. Pachifuwa ndinangolemba kuti Sista, dzina ndinasiya. Ndinaganiza zolankhula nawo Chingerezi chokha, mawu nditanenepetsa, n'kumayang'ana kumbali momwe ndingathere. Ndinadziona wochenjera.

Koma wodwala wanga sankayenda bwino. Ndikafika pabedi, maso anali otseka. Ndikafunsa, osayankha. Kapu ya madzi ndinkawapatsa m'manja, iwo n'kuilandira, n'kuiika pambali yodzaza. Phala linkazizira pomwepo. Botolo lokodzeramo linkakhala louma tsiku lonse. Odwala kolona tinkawagoneka chafufumimba kuti mapapo atseguke, koma ndikati ndiwagwire kuti ndiwatembenuze, thupi lonse linkauma ngati thabwa. Okosijeni amaumitsa kukhosi, thupi linkatentha, ndipo milomo inayamba kung'aluka. Dokotala anaika diripi, koma anati impso zayamba kutopa, ndipo ngati munthuyu sayamba kudya, kumwa ndi kugona chafufumimba, afunika makina opumira, amene anali kale ndi mzere wa anthu owadikira. Ine ndinati matenda afika kumutu. Chisomo akaimba foni ndinkangoti akugona kwambiri, ndipo ndikadula ndinkalira ndekha.

Amene ananditsegula m'maso ndi Nomvula. Nthawi imeneyo ankagwira usiku, ndipo tinkangokumana m'mawa posinthana. Tsiku lina akundisiyira odwala pa tebulo la anamwino, anati Mmalawi wako wa pawindo uja savuta, wamwa jagi yonse ya madzi, wadya phala lozizira limene linatsala masana, wapempha botolo, ndipo pomutembenuza amathandiza yekha. Anawonjeza akuseka kuti, "Koma sisi, iwe amakuopa. Kukamacha amandifunsa ngati sista wa masana abwerenso lero."

Ndinakhala pansi. Bambo anu anali atandidziwa. Masiku onse aja ine ndikudzibisa m'pulasitiki, iwo ankadziwa kuti amene waima pabedi ndi apongozi awo, ndipo ankachita zimene anaphunzitsidwa kwawo: kutseka maso, kusadya, kusamwa, kudzigwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, thupi likutentha. Ulemu umene ndinkadzitama nawo kutchalitchi ndi umene unkawamaliza pamaso panga.

Ndinaganiza zosinthana ndi Nomvula, koma kunali kungosamutsira ludzu usiku. Kuchoka m'wodi kunali kusiya mzere wonse wa amuna popanda munthu. Pa nthawi yopuma ndinatuluka panja n'kuimbira achimwene ku Dedza. Foni inkadukaduka, koma anamva. Anati nkhani ya upongozi siithera pafoni, pafunika a ku Mchinji, pafunika kukhala pansi, tidikire malire a maiko atsegulidwe. Ndinati impso sizidikira malire. Iwo anati, "Ngati waganiza kale, ukundifunsiranji? Koma udziwe, mwamuna ukamuvula manyazi ndi manja ako, mwina sadzapondanso pakhomo pako." Ndinadziwa kuti sakunama, chifukwa ndinaonapo mabanja akugwedezeka pa zinthu zochepa kuposa izi. Ndinaima pamenepo mphepo ya kuphiri ikuwomba, ndikuganiza za Chisomo ndi mimba yake. Zosankha zinali ziwiri, mkamwini wondithawa ali moyo, kapena mkamwini waulemu m'bokosi limene sitikanatha n'kulitumiza komwe kwathu.

Masana amenewo ndinakoka katani kuzungulira bedi, ndinathira madzi m'kapu, n'kukhala m'mphepete mwa bedi, pamene mpongozi sakhala. Ndinalankhula Chichewa.

"Bambo a Tadala, ndikudziwa kuti muli maso."

Zikope zinanjenjemera, koma sizinatseguke.

"Ine ndinabereka mwana mmodzi, wamkazi. Wamwamuna sindinapatsidwe. Muno mulibe ankhoswe, mulibe gadiyani, muli ine. Ndiye kuyambira lero ndinu mwana wanga, ndipo mwana sachita manyazi ndi madzi a mayi ake." Ndinakweza masiki yawo ya okosijeni. "Limbani, imwa."

Dzinalo linandilemera pakamwa ngati ndatukwana. Anatsegula maso, koma anayang'ana kudenga. Mawu anatuluka movutikira.

"Amayi, akamva kwathu adzati chiyani?"

"Nanga akamva kuti wafa ndi ludzu, madzi ali pambali pako, adzati chiyani? Chisomo ndikamuuze chiyani?"

Misozi inatsikira m'makutu mwawo. Ndinawadzutsa mutu ndi dzanja langa, ndipo anamwa. Anamwa kapu yonse, ndi ina. Atatha ndinawauza kuti tsopano ndiwatembenuza, andithandize, ndipo anandithandiza. Ndinawapukuta msana, ndinawapaka mafuta pamilomo, ndipo ndisanaweruke botolo lija linali litagwira ntchito yake. Zaka zanga zonse za unamwino sindinasangalalepo ndi mkodzo wa munthu ngati tsiku limenelo.

Sindikunena kuti madzi anachiritsa kolona. Anadwalabe kwambiri, ndipo ena amene ankadya ndi kumwa bwino tinawataya. Koma impso zinabwerera mwakale, makina sanafunike, ndipo patapita masabata anatuluka akuyenda okha pang'onopang'ono, mayi anu akudikira kugeti. Kwa ine anangoti zikomo, akuyang'ana nsapato zawo.

Mawu a achimwene anapherezeka. Bambo anu sanapondenso pa fulati yanga. Yamikani atabadwa, ankakutsitsani pageti n'kukadikira kuseri kwa msewu. Matchalitchi atatsegulidwa ndinayamba kukwera minibasi. Mpope ukawonongeka ankatumiza mnzawo. Chisomo ankaonda nayo nkhaniyi, ali pakati pa mayi ndi mwamuna, koma ndinamuletsa kuwakakamiza. Kumapeto kwa chaka chomwecho mliri unabweranso mwamphamvu n'kutenga Sista Petersen, pa bedi la m'wodi yawo yomwe, limene ndinaliyala ine popanda khwinya. Inali nyengo imene ndinkafika kunyumba n'kungokhala, osafuna n'kuphika komwe. Sindinanong'oneze bondo pa zimene ndinachita, koma ndinkasowa munthu wokhala pampando wa pafupi ndi chitseko uja.

2022, tsiku lomaliza

Tsiku langa lomaliza pantchito anzanga anakonza tiyi ndi keke. Nomvula anaimba mpaka tonse tinalira, ndipo wina anatsanzira kaperekedwe kanga ka kapu monga ankachitira Sista Petersen. Ozonda odwala anali atayambanso kulowa, moti pakhonde ndinadutsa amayi a zitenje atanyamula mabakuli, akuvomera mwaulemu kwa mlonda za awiriawiri. Ndinatuluka ndi katoni yanga, kunja kukuwaza mvula. Chisomo anali atanena kuti atumiza galimoto, ndipo ndinkayembekezera ya hayala. Ndinaona kagalimoto kaja, bambo anu ataima pambali pake, chipewa m'manja.

Anandilandira katoni n'kukaiika ku buti. Ine ndinalunjika chitseko chakumbuyo monga kale. Pampando wanga panali tambala wofiira, womangidwa miyendo, atakhala pa nyuzipepala, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Kumbuyo kuli mlendo, amayi," anatero, osadzera mwa munthu, akutsegula chitseko chakutsogolo. "Amalume a ku Dedza ndi akwathu ku Mchinji anakumana. Akuti nkhani munaimaliza kale inu, koma nkhuku isasowe."

Ndinakhala kutsogolo. Tinayenda mtunda, tambala akudandaula kumbuyo. Ndinaona kuti kagalasi kaja anakawongola. Chakufupi ndi Milnerton ndinafunsa zimene zinkandisowetsa mtendere nthawi yonseyi, kuti anandidziwa bwanji m'pulasitiki monse muja.

"Tsiku loyamba lomwe," anatero. "Munandipatsa kapu ndi manja awiri, maondo mutapinda, nkhope mutayang'ana kumbali. M'Cape Town muno ndani angapereke madzi choncho kwa munthu ngati ine?"

Ndinaganiza za Sista Petersen, mmene akanasekera mpaka kutsamwa ndi siwiti. Ndinafunsanso chimene anandithawira nthawi yonseyi. Anati sankathawa, ankaphunzira. Munthu amene wakula akuyang'ana pansi, khosi silidzuka tsiku limodzi.

Pa maloboti ena tinaima. Anatenga botolo la madzi pambali pa giya, anatsegula, ananditembenukira n'kundiyang'ana m'maso, n'kumwa. Kenako anandipatsa ndi manja awiri. Namwino amene wadutsa m'kolona samwera botolo limodzi ndi munthu, ndinkadziwa bwino lomwe. Getsi linasintha, a kumbuyo anayamba kuliza mahutala. Ine ndinalandira ndi manja awiri, n'kumwa mosafulumira.